Momwe Mungalembere ndi Kuthetsa Vuto la Integer Programming: Malangizo kwa Ophunzira Sayansi ya Kompyuta

Wophunzira sayansi ya kompyuta akamalowa kosi ya integer programming, yophunzitsa kupeza yankho labwino koposa pa mavuto amene mayankho ake ayenera kukhala manambala athunthu, amakhala atazolowera kale kuti vuto limatha polemba algorithm: amalingalira njira, amalemba code, kenaka amayesa ngati yankho likutuluka. Kosi imeneyi imatembenuza dongosolo lonselo. Ntchito yanu pano si kuuza kompyuta njira yoti itsate, koma kufotokoza mwa masamu momwe yankho lovomerezeka limaonekera ndiponso momwe tingadziwire kuti yankho lina laposa linzake. Kufufuza kwenikweniko kumachitidwa ndi pulogalamu yotchedwa solver. N'chifukwa chake nthawi yambiri ndi mamalikisi ambiri zimatayikira pa kalembedwe ka vuto, osati pa kuwerengera. Malangizo ali m'munsiwa atsata vuto limodzi laling'ono kuchokera pa mawu wamba mpaka pa yankho lotsimikizika, ndipo ndi bwino mukhale ndi pepala ndi pensulo pafupi, popeza manambala onse ndi oti mungathe kuwayesa nokha.

Musanayambe, bwerezani zinthu zitatu: kuthetsa ma equation awiri kapena atatu pamodzi, linear programming pamodzi ndi njira ya simplex imene George Dantzig anaitulukira mu 1947, ndiponso kusiyana kwa magulu a mavuto otchedwa P ndi NP. Amene wafooka pa linear programming sangapite patali, chifukwa pafupifupi njira iliyonse yothetsera integer program imayenda pothetsa ma linear program ambirimbiri motsatizana.

Yambani ndi mawu, masamu abwere pambuyo

Tiyerekeze kuti muli ndi seva imodzi imene yatsala ndi ma core 10 ndi memori ya 23 GB. Pali mitundu iwiri ya ntchito zoti ziyende pa sevayo. Ntchito ya mtundu A imafuna ma core 2 ndi memori ya 3 GB, ndipo ikayenda imabweretsa phindu la mapointi 4. Ntchito ya mtundu B imafuna core imodzi ndi memori ya 4 GB, ndipo phindu lake ndi mapointi 5. Funso ndi lakuti muyendetse ntchito zingati za mtundu uliwonse kuti phindu likule koposa.

Musanalembe chilembo chilichonse cha masamu, yankhani mafunso atatu m'ziganizo zathunthu. Kodi ndikusankha chiyani? Kodi chimene ndikufuna kuti chikule kapena chichepe n'chiyani? Nanga chikundiletsa kuchita momwe ndikufunira n'chiyani? Pa vuto lathuli, mukusankha chiwerengero cha ntchito za A ndi za B, mukufuna phindu likule, ndipo zokuletsani ndi ma core ndi memori. Palinso choletsa chachitatu chimene sichinatchulidwe m'funso koma ndicho mwini nkhani: theka la ntchito siliyenda pa seva, motero ziwerengerozo ziyenera kukhala manambala athunthu.

Sandutsani mawuwo kukhala masamu

Lembani x kuimira chiwerengero cha ntchito za A, ndi y kuimira chiwerengero cha ntchito za B. Zilembo zimenezi zimatchedwa ma variable, ndipo pa iliyonse lembani pambali pake tanthauzo lake ndi muyeso wake, ngakhale zikuoneka zodziwikiratu. Cholinga ndi kukulitsa 4x + 5y. Malamulo ake ndi awa:

2x + y ≤ 10, lamulo la ma core
3x + 4y ≤ 23, lamulo la memori
x ≥ 0, y ≥ 0, ndipo onse awiri akhale manambala athunthu

Yang'anani mzere uliwonse ngati miyeso ya mbali zonse ziwiri ikugwirizana. Kumanzere kwa lamulo lachiwiri kuli ma GB, kumanjanso kuli ma GB. Mukapeza ma core ataphatikizidwa ndi ma GB pa mzere umodzi, dziwani kuti penapake mwasokoneza. Onetsetsaninso kuti palibe pamene variable yachulukitsidwa ndi inzake kapena ndi iyo yomwe, chifukwa zikatero vutolo lachoka m'gulu la linear ndipo njira zimene tikambirane pano sizigwiranso ntchito mwachindunji.

Masulani lamulo la manambala athunthu, muone malire

Tsopano chotsani kwa kanthawi lamulo lija la manambala athunthu, mulole x ndi y kukhala ndi zidutswa. Vuto lomasulidwa chotere limatchedwa LP relaxation, ndipo popeza ma variable ndi awiri okha mungathe kulijambula pa galafu. Mizere iwiri ija pamodzi ndi mizere ya x ndi y imatchinga malo a makona anayi. Pa kona yoyamba x ndi y onse ndi 0, phindu ndi 0. Pa yachiwiri x ndi 5, y ndi 0, phindu ndi 20. Pa yachitatu x ndi 0, y ndi 5.75, phindu ndi 28.75. Yachinayi ili pamene mizere iwiriyo yadutsana, pomwe x ndi 3.4, y ndi 3.2, ndipo phindu ndi 29.6. Mu linear program yotchingidwa mbali zonse yankho lopambana limapezeka pa kona, choncho la vuto lomasulidwali ndi 29.6.

Nambala imeneyi si yankho lanu, koma ndi yamtengo wapatali chifukwa ndi denga. Yankho lililonse la manambala athunthu lili m'kati mwa malo omwewo, motero silingapose 29.6. Komanso popeza 4x + 5y imakhala nambala yathunthu nthawi zonse pamene x ndi y ali athunthu, denga lenileni ndi 29. Lilembeni pamwamba pa pepala lanu.

Apa ndi pomwe chiyeso chimabwera, chokankhira 3.4 ndi 3.2 ku manambala athunthu apafupi n'kunena kuti ntchito yatha. Yesani njira zonse zinayi, muone nokha. Mukatenga 3 ndi 3, malamulo onse akukwaniritsidwa ndipo phindu ndi 27. Mukatenga x wa 4 ndi y wa 3, ma core akufunika 11, pamene alipo 10. Mukatenga x wa 3 ndi y wa 4, memori ikufunika 25 GB, pamene ilipo 23. Mukatenga 4 ndi 4, malamulo onse awiri aswedwa. Ndiye kuti kukankhira kwakupatsani 27 basi, ndipo mulibe umboni uliwonse wakuti palibe 28 kapena 29 penapake. Monga muone posachedwa, yankho lenileni lili kutali ndi kona ija, pa malo amene kukankhira sikungakufikitseni.

Gawani vuto m'nthambi, muzidulira zosabala

Njira ya branch and bound anaifalitsa Ailsa Land ndi Alison Doig a ku London School of Economics mu 1960, ndipo mpaka lero ndiyo msana wa ma solver onse akuluakulu. Ganizo lake ndi losavuta: ngati x watuluka 3.4, ndiye kuti pa yankho lenileni x ali 3 kapena kucheperapo, apo ayi ali 4 kapena kupitirirapo, chifukwa pakati pa 3 ndi 4 palibe nambala yathunthu. Mumagawa vutolo pawiri, n'kuthetsa vuto lomasulidwa la mbali iliyonse.

Yambani ndi nthambi ya x ≥ 4. Lamulo la ma core limangolola y kufika pa 2, ndipo yankho ndi x wa 4, y wa 2, phindu 26. Onse ndi athunthu, choncho nthambiyi yathera pomwepo, ndipo 26 ndi yankho labwino koposa limene mtengo wa nthambiwu wapereka pakadali pano. Yankho lotere limatchedwa incumbent.

Pa nthambi ya x ≤ 3, vuto lomasulidwa likupereka x wa 3, y wa 3.5, phindu 29.5. Denga la nthambiyi likadali pamwamba pa 26, motero simungaitaye, ndipo muyenera kuigawanso potengera y. Mbali ya y ≤ 3 ikubweza 3 ndi 3, phindu 27, lomwe lija munalipeza pokankhira, ndipo tsopano ndilo incumbent. Mbali ya y ≥ 4 ikupereka y wa 4, x wa 2.33, phindu 29.33.

Gawaninso potengera x. Mukakakamiza x ≥ 3 pamene y ali 4 kapena kuposerapo, memori yofunika siingachepere 25 GB, choncho nthambi imeneyi ilibe yankho lililonse ndipo mumaidula. Mukatenga x ≤ 2, mupeza x wa 2, y wa 4.25, phindu 29.25. Kugawa komaliza ndi kwa y: mbali ya y ≤ 4 ikupereka 2 ndi 4, phindu 28, pamene mbali ya y ≥ 5 ikupereka x wa 1, y wa 5, phindu 29. Yesani: ma core ndi 7, memori ndi 23 GB ndendende. Phindu lafanana ndi denga limene munalemba pamwamba pa pepala, choncho palibenso chofufuza. Muyendetse ntchito imodzi ya A ndi zisanu za B, ma core atatu akhale osagwira ntchito.

Mwathetsa ma linear program asanu ndi anayi kuti mufike apa. Zindikirani zifukwa zitatu zimene nthambi imathera: ilibe yankho, yapereka manambala athunthu, kapena denga lake silikuposa incumbent. Chachitatuchi sichinagwire ntchito m'chitsanzo chathu, koma pa mavuto aakulu ndicho chimapulumutsa, chifukwa chimataya mayankho mamiliyoni ambiri popanda kuwayang'ana limodzilimodzi. Pa mayeso, lembani pa nthambi iliyonse chifukwa chimene mwaidulira. Ophunzira ambiri amapeza yankho lolondola koma amataya mamalikisi chifukwa sanasonyeze kuti nthambi zotsalazo zafa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mtengo wotere umafunika kuujambula ndi dzanja kawiri kapena katatu musanayambe kudalira kompyuta.

Mwina mungafunse chifukwa chake sitikungoyesa mayankho onse. Pa vuto lathuli zimenezo n'zotheka, koma mukakhala ndi ma variable 60 oti akhale 0 kapena 1, njira zonse ndi 2 kuchulukitsa yekha ka 60, ndipo kompyuta yoyesa njira biliyoni imodzi pa sekondi ingathe zaka zoposa 36. Richard Karp mu 1972 anaika 0-1 integer programming pa mndandanda wake wa mavuto 21 a NP-complete, pamene Leonid Khachiyan mu 1979 anasonyeza kuti linear programming imatheka mu nthawi ya polynomial. Mawu awiri okha akuti "manambala athunthu" ndiwo amasuntha vuto kuchoka ku gulu lopepuka kupita ku lolemera.

Funani lamulo lodula

Bwererani ku malamulo awiri oyamba aja, muwaphatikize. Kumanzere mupeza 5x + 5y, kumanja 33. Gawani mbali zonse ndi 5, ndipo mupeza x + y ≤ 6.6. Popeza x + y ndi nambala yathunthu, singakhale 6.6 kapena 6.3, choncho mungalembe mosaopa kuti x + y ≤ 6. Lamulo latsopanoli silitaya yankho lililonse la manambala athunthu, koma limadula kona ija ya 3.4 ndi 3.2, imene kuphatikiza kwake ndi 6.6.

Onjezani lamuloli ku vuto lomasulidwa, mujambulenso. Mzere watsopano ukudutsana ndi wa memori pomwe x ndi 1, y ndi 5, ndipo ukudutsana ndi wa ma core pomwe x ndi 4, y ndi 2. Mukayesa phindu pa makona onse, lalikulu ndi 29, pa 1 ndi 5. Zimene zinafuna ma linear program asanu ndi anayi zatheka ndi awiri okha, popanda nthambi ngakhale imodzi, chifukwa cha mzere umodzi wolingaliridwa bwino. M'maganizo anga, pamenepa ndi pomwe pagona kosi yonse: mavuto awiri angakhale ndi mayankho athunthu ofanana ndendende, koma lina n'kukhala lopepuka kwambiri chifukwa vuto lake lomasulidwa lakumbatira mayankho athunthuwo mothina. Malamulo otere amatchedwa cutting planes. Ralph Gomory mu 1958 anasonyeza njira yowatulutsira mwadongosolo kuchokera pa tebulo lomaliza la simplex, ndipo ma solver amasiku ano amasakaniza kudula ndi kugawa nthambi m'njira yotchedwa branch and cut. Musayembekezere kuti kudula kumodzi kuzithetsa vuto nthawi zonse. Chitsanzo chathu n'chaching'ono ndipo chatikomera mtima.

Phunzirani kulankhula ndi 0 ndi 1

Mavuto ambiri a m'kosi safunsa kuti "zingati", amafunsa kuti "inde kapena ayi": seva iyi iyatsidwe kapena isayatsidwe, ntchito iyi ipite pa makina awa kapena ayi. Pamenepa mumagwiritsa ntchito variable imene imangokhala 0 kapena 1, ndipo wophunzira sayansi ya kompyuta ali ndi mwayi chifukwa logic amaidziwa kale. Tinene kuti a, b ndi c ndi ma variable otere. Kunena kuti a akasankhidwa b asankhidwenso kumalembedwa a ≤ b. Kunena kuti mwa atatuwa asasankhidwe oposa mmodzi kumalembedwa a + b + c ≤ 1. Kukana kwa b ndi 1 − b, motero chiganizo cha SAT (vuto lofufuza ngati ziganizo za logic zingakhale zoona zonse pamodzi) chakuti "a, kapena osati b, kapena c" chimakhala a + 1 − b + c ≥ 1, ndipo apa mukuona ndi maso chifukwa chake integer programming singakhale yopepuka kuposa SAT.

Chimene chimavuta ambiri ndi kuchulukitsa a ndi b, kumene taletsa kale. Pangani variable yatsopano z, muimange ndi malamulo atatu: z ≤ a, z ≤ b, ndi z ≥ a + b − 1. Musakhulupirire chifukwa ndanena. Lembani tebulo la njira zinayi za a ndi b, muone kuti z akukakamizika kukhala 1 pokhapokha onse awiri ali 1. Chitani chimodzimodzi ndi lamulo lililonse la logic limene mwalemba, popeza kutembenuza chizindikiro cha ≤ ndi cholakwa chimene solver singakuuzeni.

Chenjerani ndi M wamkulu

Nthawi zambiri mumafuna kunena kuti seva ikhale ndi katundu pokhapokha itayatsidwa. Ngati w ndi katundu wa pa seva, ndipo s ndi 1 ikayatsidwa, mumalemba w ≤ Ms, pomwe M ndi nambala yaikulu. Pa s wa 0 katundu amakakamizika kukhala 0, pa s wa 1 lamuloli sililetsa kanthu. Wophunzira waulesi amaika M wa 1,000,000 kuti asavutike kuganiza, ndipo amalipira kawiri.

Koyamba, vuto lomasulidwa limafooka. Katundu wa 10 amangofuna s wa 0.00001, kutanthauza kuti vuto lomasulidwa likuyatsa seva pafupifupi kwaulere, denga limakhala kutali ndi yankho lenileni, ndipo nthambi sizidulika. Kachiwiri, ma solver amawerengera ndi floating point, choncho amavomereza nambala yoyandikira kwambiri ku 0 ngati 0 weniweni. Mu Gurobi, mwachitsanzo, kulekerera kumeneku kumayambira pa 0.00001, ndiye kuti solver ingathe kukubwezerani yankho limene seva yazimitsidwa koma ikunyamula katundu wa 10. Mankhwala ake ndi kufunsa kuti katundu wamkulu koposa amene sevayo ingalandire ndi wochuluka bwanji. Ngati ndi 40, M akhale 40.

Nkhani yomweyi imaonekanso mwa njira ina. Tinene kuti makasitomala 10 angathe kutumizidwa ku seva imodzi. Mungalembe lamulo limodzi lakuti chiwerengero cha otumizidwa chisapose 10s, kapena malamulo 10 osiyana, lililonse lonena kuti variable ya kasitomala mmodzi isapose s. Pa manambala athunthu zolemba ziwirizi n'zofanana. Koma pa vuto lomasulidwa, kasitomala mmodzi akatumizidwa, lamulo limodzi lija limakhutira ndi s wa 0.1, pamene malamulo 10 aja amakakamiza s kukhala 1. Wozolowera kuti code yaifupi ndiyo yabwino amadabwa kuona kuti malamulo ochuluka angathe kufulumizitsa ntchito. Umu ndi momwe Dantzig, Fulkerson ndi Johnson anathetsera vuto la travelling salesman, lofuna ulendo waufupi koposa wozungulira mizinda yonse, la mizinda 49 ya ku America mu 1954: malamulo oletsa ulendo kugawika m'timaulendo tating'ono ndi ochuluka kosatheka kuwalemba onse, choncho ankangoonjezera okhawo amene yankho la panthawiyo lawaswa. Miller, Tucker ndi Zemlin mu 1960 anapereka kalembedwe kaafupi ka vuto lomwelo, kosavuta kulemba mu code, koma denga lake ndi lofooka kwambiri.

Ngati maseva anu ndi ofanana m'zonse, palinso msampha wina, wakuti yankho limodzi limaoneka kambirimbiri pongosinthanitsa mayina a maseva, ndipo solver imataya nthawi kufufuza nthambi zimene zili chinthu chimodzi. Lamulo lakuti seva yachiwiri isayatsidwe yoyamba isanayatsidwe, yachitatu isayatsidwe yachiwiri isanayatsidwe, limachepetsa vutoli.

Funsani ngati vutolo n'lolemeradi

Si vuto lililonse la manambala athunthu limene limafuna nthambi. Kugawa ntchito n kwa makina n, kupeza njira yaifupi pa graph, ndiponso maximum flow, zonsezi zili ndi matrix ya mtundu wotchedwa totally unimodular, umene Hoffman ndi Kruskal anaufotokoza mu 1956. Pa mavuto otere, ngati manambala a kumanja kwa malamulo ndi athunthu, makona onse a vuto lomasulidwa amakhala athunthu, ndipo simplex yokha imakwanira. Koma malire ake ndi opyapyala. Tengani graph ya madontho atatu olumikizana onse, mufune matching yaikulu koposa, kutanthauza mizere yochuluka koposa imene siikumana pa dontho limodzi. Yankho lenileni ndi mzere umodzi, koma vuto lomasulidwa limapatsa mzere uliwonse 0.5 n'kupeza 1.5. Pa bipartite graph, imene madontho ake ali m'magulu awiri ndipo mizere imangolumikiza gulu lina ndi linzake, zimenezi sizichitika, ndipo mzunguliro wa madontho atatuwo ndi umene waononga.

Perekani vutolo kwa solver, muwerenge zimene ikunena

Pokhapokha mutamaliza zonsezi ndi pamene muyenera kutsegula kompyuta. Ma solver aulere alipo, monga CBC, GLPK, HiGHS ndi SCIP, ndipo amalonda odziwika ndi Gurobi ndi CPLEX, amene ali ndi ziphaso zaulere za ophunzira a m'mayunivesite. Polemba vuto mungagwiritse ntchito PuLP kapena Pyomo mu Python, kapena JuMP mu Julia. Kwa woyamba kumene PuLP ndi yosavuta, chifukwa imabwera ndi CBC. Samalani zinthu ziwiri popanga variable mu PuLP: mukapanda kuuza kuti mtundu wake ndi Integer imakhala ya zidutswa, ndipo mukapanda kuika lowBound pa 0 imaloledwa kutsika pansi pa 0. Mu Gurobi malire apansi amayambira pa 0 okha, choncho code yosamutsidwa mosasamala kuchoka kwina kupita kwina ingasinthe tanthauzo mwakachetechete. Patsani lamulo lililonse dzina, monga "memori" kapena "core", chifukwa tsiku limene zinthu zidzasokonekera mayinawo ndiwo adzakutsogolereni.

Lembani vuto lathu la seva poyamba, muone ngati ikubweza 1, 5 ndi 29. Kenaka chotsani Integer, muone ngati ikubweza 3.4, 3.2 ndi 29.6. Mayankho awiriwa akagwirizana ndi a pa pepala, ndiye kuti mwadziwa kulankhula ndi chida chanu.

Musanayang'ane yankho, yang'anani status. Ikati Infeasible, ndiye kuti malamulo anu akutsutsana, ndipo kawirikawiri cholakwa chili pa kalembedwe, osati pa vuto lenilenilo. Chotsani malamulo gulu limodzi pa nthawi mpaka yankho lipezeke, kapena funsani solver kagulu kakang'ono ka malamulo otsutsana kotchedwa IIS ngati ili ndi luso limenelo. Ikati Unbounded, mwaiwala lamulo kapena mwatembenuza kukulitsa ndi kuchepetsa. Pa vuto lalikulu, log imasonyeza incumbent, best bound (denga lija) ndi gap, amene ndi mpata wa pakati pa ziwirizo. M'chitsanzo chathu, pamene incumbent inali 27 ndi denga 29.6, mpatawo unali pafupifupi 9.6 peresenti. Gurobi ndi CPLEX zimaima zokha mpata ukafika pa 0.01 peresenti, choncho ngati mphunzitsi akufuna yankho lotsimikizika kotheratu, tsitsani nambala imeneyi ifike pa 0. Mpata ukakhala wosasuntha kwa nthawi yaitali, onani mbali imene yaima. Ngati incumbent ndiyo yoipa, perekani kwa solver yankho loyambira lochokera ku greedy algorithm yanu. Ngati denga ndilo silikusuntha, kuonjezera nthawi sikuthandiza kwenikweni, ndipo muyenera kubwerera ku M wanu, ku malamulo onga limodzi lija la makasitomala 10 ndi ku maseva ofanana.

Chomaliza ndi kuyesa yankho ndi code ina yosadalira solver. Solver imatsimikiza kuti yankho likukwaniritsa masamu amene munalemba, koma sidziwa ngati masamuwo akunena zimene funso linafunsa. Lembani kapulogalamu kakang'ono kotenga yankho n'kuliyerekeza ndi mawu oyambirira a funso, kenaka pa vuto lochepetsedwa yesani mayankho onse. Pa seva yathuyi ndi ma loop awiri okha, x kuyambira 0 mpaka 5 ndi y kuyambira 0 mpaka 5, njira 36 zonse pamodzi. Muzitaya zoswa ma core kapena memori, musunge ya phindu lalikulu, ndipo pa sikirini payenera kuoneka 1, 5 ndi 29. Pakaoneka zina, yambani kufufuza pa mzere umene munasandutsira mawu kukhala masamu.